Kusankha driver ndi batire polumikiza tochi yowala kwambiri ya LED

Kuno ku Johannesburg tochi ndi chida cha ntchito. Mlonda wochezera usiku ku Randburg amaidalira, ndipo wokhala m'kachipinda ka kuseri ku Turffontein amaisakasaka magetsi akangozima. Ambiri amagula zija zolembedwa manambala akuluakulu pa katoni, koma pakangotha mphindi khumi kuwala kumatsika ngati koloboyi. Kawirikawiri LED, kababu kotulutsa kuwala, imakhala ilibe vuto. Chimene chalakwika ndi driver, kabolodi kozungulira koyendetsa magetsi opita ku LED, ndi batire losagwirizana naye. Ngati mukulumikiza nokha tochi, sankhani LED poyamba, kenako driver, batire pomaliza.

Dziwani kaye ma volt amene LED yanu imafuna. Ma LED a Cree XM-L2, Luminus SST-40 ndi Nichia 519A ndi a 3V. XHP70 imalumikizidwa pa 6V kapena 12V. Pa ma amp (A), kuchuluka kwa magetsi odutsa, XM-L2 malire ake ndi 3A, SST-40 ndi 5A. Yezaninso malo okhala driver m'thupi la tochi: tochi ya Convoy S2+ imalandira wa 17mm, pamene matochi akuluakulu ena amafuna 20mm kapena 22mm.

Driver wosavuta kwambiri ndi wa timachipi ta AMC7135. Kachipi kalikonse kamalola 350mA, ndiye mukawerenga timachipi 8 pa bolodi, ndi 2.8A imeneyo. Ndi wotchipa, ndi wolimba, ndipo amayenda ndi batire limodzi pa LED ya 3V. Kuipa kwake ndi kwakuti ma volt otsala amawasandutsa kutentha. Batire lodzadza lili pa 4.2V, LED ikufuna pafupifupi 3.2V, ndiye 1V yotsalayo kuchulukitsa ndi 2.8A ndi 2.8W yongotenthetsa tochi m'manja mwanu. Batire likatsika kuyandikira ma volt a LED, kuwala kumayamba kuchepa pang'onopang'ono. Ngakhale zili choncho, kwa woyamba kumene uyu ndiye woyenera.

Driver wa FET, kachipi kogwira ntchito ngati switch, amangotsegula njira kuti LED imwe zonse zimene batire lingapereke. Mphindi zoyambirira amawala modabwitsa, koma palibe choletsa ma amp. Mukaika batire lamphamvu pa LED yofuna ma volt ochepa, kuwala kumasanduka kobiriwira ngati mtambo, kenako LED yapsa. Kwa munthu wofuna kuwala kokhazikika usiku wonse, FET yekhayekha ndi kutaya ndalama.

Wa buck amatsitsa ma volt popanda kuwononga mphamvu yambiri, ndipo ndi amene mumafuna mukalumikiza mabatire awiri motsatizana, 8.4V akadzadza, pa LED ya 3V. Wa boost amakweza ma volt, monga kuyatsa LED ya 6V ndi batire limodzi. Apa mpamene ambiri amaphonya masamu. LED ya 6V pa 3A ndi 18W. Driver akamataya gawo limodzi mwa magawo khumi, batire liyenera kupereka 20W. Batire likakhala pa 3.6V, imeneyo ndi 5.6A, ndipo batire likatsika kufika 3.2V, driver amakoka kupitirira 6A. Batire likamatopa mpamene limakokedwa kwambiri.

Ndiye pa batire musayambe kuyang'ana mAh, nambala yosonyeza magetsi amene limasunga. Yambani ndi ma amp amene lingapereke mosalekeza. Mwa mabatire a saizi ya 18650, Samsung 30Q ndi 3000mAh pa 15A, LG MJ1 ndi 3500mAh pa 10A. Mwa okulirapo a saizi ya 21700, Molicel P42A ndi 4200mAh pa 45A, pamene Samsung 50E ndi 5000mAh koma pafupifupi 10A basi. Driver wa 2.8A amakwanira bwino ndi MJ1 ndipo pa kuwala konse amatha ola limodzi ndi mphindi zingapo. Wa boost wokoka 6A mpatseni 30Q kapena P42A kuti ma volt asagwe. Batire likhale lotha kupereka kuwirikiza kawiri zimene driver akufuna.

18650 iliyonse yolembedwa 6000mAh kapena 9800mAh ndi yabodza, popeza zenizeni zimathera cha m'ma 3500mAh mpaka 4000mAh. Iikeni pa sikelo ya kukhitchini: yeniyeni imalemera pafupifupi magalamu 45 mpaka 50, yabodza imapepuka ngati mulibe kanthu m'kati. Masitolo odalirika a zipangizo za vape ndi malo abwino ofunsira, chifukwa makasitomala awo amafunanso ma amp ambiri. Mabatire ochotsa m'laputopu yakale amagwira pa driver wa timachipi 3 kapena 4, ndiye kuti 1.05A kapena 1.4A, osapitirira apo. Lililonse limene mwalipeza lili pansi pa 2.5V musalitchaje.

Mabatire okhala ndi kabolodi koteteza amatalika kufika pafupifupi 69mm m'malo mwa 65mm, ndipo ena salowa m'tochi kapena amaphwanya driver mukamanga mwamphamvu. Kabolodiko kamadulanso magetsi ma amp akachuluka, tochi n'kuzima mwadzidzidzi. Mukagwiritsa ntchito batire lopanda chitetezo, driver akhale wotha kuzimitsa yekha ma volt akatsika cha pa 2.8V kapena 3V. Pa mabatire awiri otsatizana, agulidwe limodzi, akhale a mtundu umodzi, azitchajidwa limodzi, ndipo musasinthanitse ndi a mnzanu. Lofooka limatha msanga, lamphamvu n'kumalikankha mobwerera, ndipo apo mpamene moto umayambira.

Polumikiza, pakani phala lochotsa kutentha pansi pa bolodi ya LED, pang'ono chabe ngati njere ya mpunga, ndipo pa 3A kupita m'mwamba sankhani bolodi ya kopa. Sipuling'i yachitsulo yokhudza batire m'tochi imadya ma volt ndipo imafooka ikatentha. Wotchererani kawaya ka saizi ya 22 AWG kuchokera pansi pake kufika pansonga. Musanaike batire, yezani ndi multimeter, mita yoyezera magetsi, ngati mawaya awiri a LED sakukhudzana kapena kukhudza chitsulo cha reflector, kambale konyezimira kozungulira LED.

Kwa alonda, m'mawa wa June ndi July kuno kumazizira mpaka kufika 0°C. Batire la lithium silitchajidwa likazizira chotero. Lisiyeni m'nyumba kanthawi litenthe kaye. Musalitchaje pa matiresi, ndipo musaliponye m'thumba limodzi ndi makiyi ndi makobidi a taxi. Pulasitiki yokutira ikang'ambika chakumutu, ikani ina, chifukwa thupi lonse la batire ndi negative ndipo lili pafupi kwambiri ndi positive.

Mukamaliza, chotsani chotsekera cha kumbuyo, ikani multimeter pa 10A, nsonga imodzi pansi pa batire, ina pa chitsulo chosapentedwa cha thupi la tochi. Driver wa timachipi 8 ndi batire lodzadza awonetse pafupifupi 2.8A. Mukaona 1.8A, yesani ndi mawaya a mita afupi ndi onenepa. Ikakhalabe yotsika, sinthani batire, kenako onaninso pamene munawotcherera.