Kaphikidwe ka fabada, nyemba za anthu a ku Asturias, pa mbaula ya ku Blantyre

Dera la Asturias lili kumpoto kwa dziko la Spain, pakati pa mapiri ataliatali ndi nyanja, ndipo kumagwa mvula pafupifupi chaka chonse. Eni dera amanyadira ufumu wawo wakale umene unakhazikika Pelayo, mfumu yawo yoyamba, atapambana nkhondo ya ku Covadonga cha m'ma 722, koma cholowa chawo chimene tingachidziwe bwino tili konkuno ndi fabada, nyemba zoyera zophikidwa pamodzi ndi nyama ya nkhumba yowamba. Kuno ku Blantyre nthawi yabwino yoziphika ndi June kapena July, chiperoni chikakuta Ndirande ndi Soche, chifukwa ndi chakudya cha kumalo ozizira.

Gulani theka la kilogalamu ya nyemba zoyera. Kwawoko amalima zikuluzikulu za khungu lopyapyala, koma kayera wa ku msika wa Limbe akwanira, malinga akhale wa chaka chomwecho. Ziviikeni m'madzi ozizira usiku wonse.

Nyama ndiyo ikufunika kuiganizira mofatsa. Kalekale banja lililonse linkapha nkhumba mu November, cha pa tsiku la Martin Woyera, ndipo poti mpweya wa kumeneko ndi wachinyezi, nyamayo ankaiwamba pautsi kuti isawole. Nyemba zinkasungidwa mu hórreo, nkhokwe yamatabwa yoima pa mizati, yokhala ndi miyala yafulati pamwamba pa mzati uliwonse kuti makoswe asakwere. Mumphika mumalowa soseji yowamba yotchedwa chorizo, soseji yamagazi yotchedwa morcilla, mwendo wakutsogolo wothira mchere ndi nyama yamafuta. Zinthu zimenezi kuno sizipezeka wamba, choncho funani soseji yowamba, bekoni ndi chiboda cha nkhumba. Chimene simuyenera kusiya ndi fungo la utsi, pakuti popanda ilo mwangophika nyemba ndi nyama. Amene sadya nkhumba angawambe nyama ya ng'ombe, ngakhale kakomedwe kake kadzasiyana.

Ikani nyemba mumphika waukulu, nyama pamwamba, ndipo thirani madzi ozizira opitirira nyembazo ndi zala ziwiri. Zikayamba kuwira, yengulani thovu ndi kuchepetsa makala kuti mphika uzingowira pang'onopang'ono kwa maola awiri kapena atatu. Mthiko usalowemo ayi, chifukwa umaphwanya nyemba zimene ziyenera kufika m'mbale zili zathunthu. Gwirani mphikawo m'mbali ndi kuugwedeza pang'onopang'ono. Madzi akatsika, onjezerani ozizira pang'ono chabe. Musakazinge tomato monga tinazolowerera. Eni ake amathira zokometsera zotchedwa safironi, koma paprika pang'ono angathandize kuti msuzi ukhale ndi mtundu. Mchere mulawe kaye zikapsa, popeza nyama yowamba imakhala nawo kale wambiri.

Mukaphula, zisiyeni zikhale kwa ola limodzi kuti msuzi ulimbe, kenako dulani nyama ndi kuiika m'mbale yakeyake. Ku Oviedo ndi ku Gijón, mizinda ya ku Asturias, amadya fabada masana ndi buledi, namwera sidra, chakumwa cha maapozi chimene wothira amachitsanula botolo lili pamwamba pa mutu wake kugwera mutambula ili m'munsi, mwambo umene UNESCO inauvomereza mu 2024. Inunso idyani masana, chifukwa ndi chakudya cholemera kwambiri kwa munthu amene akukagona.