Momwe mungatsimikizire kuti digiri ya ODL idzalandiridwa musanalipire fizi

Kuno ku Salima, ambiri amene akusaka digiri si ana ongomaliza Folomu 4 ayi. Ndi aphunzitsi a m'ma CDSS a ku Khombedza ndi ku Chipoka, alangizi a zaumoyo, makalaliki a ku khonsolo, anthu a mabanja amene sangasiye ntchito n'kukakhala zaka zinayi ku Zomba kapena ku Mzuzu. Kwa iwo maphunziro a ODL (Open and Distance Learning), amene munthu amaphunzira ali kutali ndi sukulu, ndi njira yabwino, ndipo ine ndimayilimbikitsa. Chimene chimandiwawa ndi kuona munthu atatenga ngongole ku banki m'khonde zaka zitatu, kenako akafunsira masitazi kapena kukwezedwa pa ntchito, n'kuuzidwa kuti pepala lakelo salidziwa. Izi zimapeweka, koma zimapeweka musanatumize ndalama yoyamba.

Yambani ndi kudzifunsa kuti pepalalo mukalipereka kwa ndani. Kodi ndi ku yunivesite ina, ku boma, kapena ku bungwe loyang'anira ntchito yanu? Amene adzalilandire ndiye ali ndi mawu omaliza, osati amene akukugulitsani maphunzirowo.

Ngati sukuluyo ndi ya m'Malawi muno, fufuzani ku National Council for Higher Education, NCHE, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la mu 2011. Limatulutsa mndandanda wa masukulu ndi maphunziro ovomerezeka, ndipo mutha kuuona pa foni. Apa chenjerani pawiri. Sukulu kulembedwa m'kaundula ndi kuvomerezedwa ndi zinthu zosiyana: kulembedwa kumailola kutsegula zitseko, pamene kuvomerezedwa kumabwera akatswiri ataunika aphunzitsi, mabuku ndi kaphunzitsidwe. Komanso NCHE imaunika pulogalamu iliyonse payokha. Koleji ikhoza kukhala ndi digiri ya zamalonda yovomerezeka, ya zamaphunziro ayi. Choncho pezani dzina lenileni la digiri yanu pa mndandandawo, ndipo funsani ngati chilolezocho chikukhudzanso ophunzira a ODL ndi nthambi imene mwalembetsako.

Sukulu ikakhala yakunja, ntchito imakula. Ya ku South Africa monga UNISA siivuta kufufuza, chifukwa maphunziro kumeneko amavomerezedwa ndi Council on Higher Education ndipo amalembedwa ku SAQA, bungwe losunga kaundula wa mapepala a maphunziro m'dzikolo. Ku America ndi kumene anthu amasokonezeka. Boma la dzikolo silivomereza lokha mayunivesite. Ntchitoyi amagwira ndi mabungwe oima paokha, amene amazindikiridwa ndi unduna wa zamaphunziro wa dzikolo kapena ndi CHEA, bungwe loti si la boma limene limaunika mabungwe ovomereza masukuluwa. Kwa zaka zambiri mabungwewa anali a mitundu iwiri: a m'zigawo, amene amayang'anira mayunivesite akuluakulu akale, ndi a dziko lonse, monga DEAC, imene imayang'anira masukulu ophunzitsa anthu ali kutali. Munthu wa kuno akamva zoti sukulu ndi yovomerezeka m'dziko lonse la America amaganiza kuti ndiye yapamwamba. Kumeneko sizinkayenda choncho: mayunivesite ambiri ovomerezedwa ndi mabungwe a m'zigawo ankakana kuwerengera makosi ochokera ku masukulu a mtundu wachiwiriwu. Mu 2020 unduna unathetsa kusiyanitsaku m'malamulo ake, koma yunivesite iliyonse inatsalabe ndi ufulu wolandira kapena kukana. DEAC ndi bungwe lenileni, osati lachinyengo, koma chidindo chake si lonjezo loti aliyense adzakulandirani. Ndipo musakhulupirire chizindikiro chimene chili pa tsamba la sukuluyo. Alipo akathyali amene amatsegula sukulu n'kudzipangira bungwe loivomereza. Lowani pa tsamba la CHEA nokha, mufufuze dzina la sukulu ndi la bungwelo.

Mukatero lemberani a NCHE, chifukwa ndi iwo amene amaunika mapepala akunja n'kunena mlingo wake kuno kwathu. Kuunikako kumafuna satifiketi, thiransikiripiti (pepala loonetsa makosi ndi magiredi anu) ndi ndalama yolipira, ndipo kumachitika mutamaliza sukulu. Koma palibe chokuletsani kufunsa pano ngati sukuluyo amaizindikira. Maofesi awo ali ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Ya minibasi tsiku limodzi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi fizi ya zaka zitatu yolipira m'madola.

Tsopano nkhani yosamutsa makosi, kwa inu amene munayamba kwina ndipo mukufuna kukamalizira ku UNIMA, MUBAS, LUANAR, Mzuni kapena ku yunivesite yoti si ya boma. Izi sizichitika zokha, ngakhale masukulu onse awiri atakhala ovomerezeka. Lembani kalata kwa rejisitira wa kumene mukupita, mutchule digiri imene mukufuna ndi makosi amene munakhoza. Aphunzitsi a nthambiyo amaika kosi yanu pambali pa yawo n'kuona mitu yake, maola amene munaphunzira, mtundu wa mayeso ndi magiredi anu. Thiransikiripiti payokha singawauze zonsezi. N'chifukwa chake ndikukupemphani, sungani autilaini ya kosi iliyonse kuyambira semesita yoyamba, pa pepala ndi pa imelo pomwe. Masukulu a pa intaneti amatha kutseka akaunti ya wophunzira akachoka, ndipo kuzipeza pambuyo pake kumasautsa. Ngati muli ndi ngongole ya fizi, imalizeni, pakuti masukulu ambiri satulutsa thiransikiripiti kwa munthu wangongole.

Musayembekeze kuti adzawerengera zonse. Yunivesite imafuna kuti gawo lalikulu la digiri yake muphunzire kwa iyo, ndipo kosi yakalekale kapena yokhoza mokankha ikhoza kukanidwa. Adzayang'ananso MSCE yanu. Mayunivesite a boma amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi kwa olowa mwa njira ya masiku onse, ndipo sukulu yakunja imene inakulandirani popanda zimenezi siifafaniza lamuloli. Yankho lililonse likhale lolembedwa. Mawu a pa foni akuti "bwerani tidzaona" sadzakuthandizani ofesala ameneyo akadzasamutsidwa.

Anamwino, azachipatala ndi owerengera ndalama, inu muli ndi khomo lina logogoda: Nurses and Midwives Council of Malawi, Medical Council of Malawi kapena ICAM, bungwe la owerengera ndalama. Pa zaumoyo makamaka, maphunziro opanda kugwira odwala m'wodi sangakufikitseni pa layisensi.

Musanathamangire kunja, onaninso ODL ya Mzuni, LUANAR kapena Domasi College of Education. Fizi yake ndi ya makwacha ndipo olemba ntchito amaidziwa. Kungoti werengerani ndalama za thiransipoti ndi malo ogona, chifukwa pamakhala masabata okumana ndi aphunzitsi maso ndi maso komanso olemba mayeso, ndipo abwana anu ayenera kudziwa masikuwo chaka chikamayamba.