Klorini wothira mongotapa akutidyera mapaipi

Dzinja lino ndaona zinthu zimene sindingazikhalire chete. M'midzi ina ya ku Angónia ndi Tsangano kuno ku Mozambique, kumene madzi amakwera m'thanki ndi mphamvu ya dzuwa, mipopi ikutulutsa madzi ofiira, ndipo molumikizira mapaipi achitsulo mwayamba kudontha. Anthu akuti mjigo wakalamba, koma vuto lili m'manja mwa othira mankhwala.

Chichokereni kolera wa 2023, makomiti a madzi anazolowera kuthira klorini, ndipo pamenepo ndikuwayamikira. Koma kathiridwe kake abale! Munthu angotapa HTH, klorini wa ufa uja, ndi kapu, khuthu m'thanki, osasungunula, osayeza. Akamva kuti mudzi woyandikana nawo wina watsekula m'mimba, mawa lake athira makapu awiri. Sabata yinayo ufa watha, madzi akuyenda opanda kanthu. Opopa mumtsinje nawonso, madzi akachita matope amangowonjezera alamu kuti adikhe msanga, pamene alamu amatsitsa pH, muyezo umene ukatsika ndiye kuti asidi wachuluka m'madzi. Tidzanena kangati kuti mankhwala sayezedwa ndi maso?

Paipi yakale imakhala ndi nkhoko mkati, ngati mphika wa nsima, ndipo nkhokozo ndi zimene zimatchinga madzi kuti asakhudze chitsulo. Mankhwala akamasinthasintha, nkhoko zimamatuka n'kutulukira kumpopi. Klorini wochuluka, kapena pH yotsika pansi pa 6.5, zimadya zinki wokutira paipi, kenako chitsulo chenichenicho. Choipitsitsa n'chakuti dzimbirilo limamaliza klorini m'njira. Mpopi wakumapeto umalandira madzi opanda chitetezo, mabowo a paipi akulowetsanso zonyansa thanki ikaphwa. Ndalama ya HTH yapita, paipi yapita, kolera njira yake ili pululu.

Izi zinagwetsapo ndi mzinda womwe. Ku Flint, m'dziko la America, mu 2014 anasiya madzi ochokera ku Detroit n'kuyamba kupopa mumtsinje wa Flint, osathira mankhwala oteteza mapaipi. Mtovu, chitsulo cha poizoni cha m'mapaipi akale, unasungunukira m'madzi, unalowa m'magazi a ana. Mtovu umawononga ubongo wa mwana, suoneka, ndipo kuwiritsa madzi sikuuchotsa. Kwathu kuno ukhoza kupezeka m'mipopi ina yamkuwa ndi m'zinki wa mapaipi akale.

Bambo wina wolima mbatatesi cha ku Dómuè anandiimitsa panjira. Akuti mayi a kunyumba anachapa malaya oyera a kutchalitchi pampopi, anatuluka ndi mawanga ofiira, basi kuyambira tsikulo banja lonse likutunga pachitsime cha kudimba, pomwe pamamwa ng'ombe. "Alangizi, ndipereke bwanji ya mwezi pa madzi otere?" Ndipo si yekha amene wasiya kusonkha. Nanga komiti igula ndi chiyani paipi yatsopano?

Chochita n'chachidule. Sungunulani HTH mu ndowa ya pulasitiki, adikhe, muthire madzi apamwambawo, muyezo womwewo tsiku lililonse. Yezani pampopi wakumapeto: klorini akhale pakati pa 0.2 ndi 0.5 mg pa lita, pH pakati pa 6.5 ndi 8.5. Nthawi ya mliri azaumoyo ndiwo anene muyezo wokwezera. Musasinthe mankhwala kapena kopopa madzi musanauze amisiri a SDPI, ofesi yoona za mapulani ndi zomangamanga kuboma. M'mawa tsegulani mpopi madzi ogona m'paipi atayike kaye. Paipi yachitsulo ikabooka ikani ya PVC kapena yakuda ya pulasitiki ija, ndipo pakhomo Certeza, mankhwala othira m'madzi akumwa aja, asasowe.