Mamendulo a agogo a ku Keyala, mungawadziwe bwanji kuti ndi a chani

Mabanja ambiri kuno ali ndi mamendulo a agogo amene anamenya nkhondo ku Keyala, King's African Rifles ija, koma angokhala mu sutikesi limodzi ndi ziphaso za sukulu, ndiye ukafunsa amangoti anawapatsa chifukwa cholimba mtima. Si onse ayi. Ena ankapatsa msilikali aliyense amene anakafika kumalo a nkhondoko, ena ndi amene ankapatsa munthu mmodzi chifukwa cha zomwe anachita tsiku linalake zipolopolo zili mkati.

Yambani ndi kaonekedwe. Ngati ili ngati nyenyezi ya nsonga 6 yamtundu wa mkuwa, imeneyo ndi ya kumalo. Africa Star ndi ya omwe anamenyana ndi ma Italiya ku Abyssinia ndi Somaliland cha mu 1941, kariboni kake nkotuwa ngati mchenga kofiira pakati. Burma Star ndi ya omwe anapita ku Burma kukalimbana ndi ma Japan, ambiri mu 1944, riboni yake yofiira pakati, mbali zabuluu ndi timizere ta olenji. Dzina la mendulo limalembedwa kutsogolo komweko, koma la mwiniwake nthawi zambiri mulibe, ndiye musadabwe kapena kuganiza kuti ndi yafeki. Omwe anapita ku Malaya m'ma 1950 ali ndi yozungulira yokhala ndi kachitsulo kolembedwa MALAYA pa riboni.

Za kulimba mtima zenizeni mudzazidziwa mukaitembenuza. Military Medal kumbuyo kwake kunalembedwa FOR BRAVERY IN THE FIELD, riboni yabuluu wakuda timizere toyera ndi tofiira pakati. Yoposa pamenepo ndi DCM, Distinguished Conduct Medal, imeneyo sankangoipereka chisawawa, mukaipeza pakhomo dziwani kuti agogowo sanali munthu wamba. Kenako yang'anani m'mphepete mwake mwenimweni muja, pamakhala nambala ya usilikali, udindo, dzina ndi bataliyoni, tizilembo tating'ono kwambiri moti bola kujambula ndi foni nkukulitsa. Mabataliyoni a Keyala olembedwa 1 KAR ndi 2 KAR anali a kuno ku Nyasaland.

Nambalayo ilembeni penapake chifukwa ndi imene ikuthandizeni kuposa dzina. Azungu aja mayina athu ankalemba mmene awamvera, komanso anyamata ambiri ankalembetsa dzina lina kapena la bambo awo, ndiye mukasaka ndi dzina la pakhomo mutha kungotopa ulele. Pa intaneti sakani mu London Gazette, ndi mmene ankalengezamo olandira, komanso ku National Archives ya ku Kew ku London, kosungira zikalata zakale za boma la Britain, muli mafayilo a WO 373 momwe mabwana ankalemba zimene munthuyo anachita kuti ayenere mendulo, malo ake ndi tsiku lake. Kuwerenga zimenezo kumakoma kuposa menduloyo, kunena zoona. Ngati agogowo sanabwereko, dzina lawo lisakeni ku Commonwealth War Graves Commission, bungwe losunga mayina ndi manda a asilikali amene anafera pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse.

Pa kasamalidwe apa mpamene ambiri timalakwitsa. Osakwecha ndi phulusa, mchenga kapena sitiliwulu ngati poto chonde, mufufuta tizilembo tija ndipo sitibwereranso. Kansalu kofewa kouma basi. Riboni ngakhale yathetheka osaichapa osaitaya, ikani zonse mu kabokosi pouma kutali ndi chinyezi, limodzi ndi kabuku kawo ka usilikali ngati kalipo ndi zithunzi. Ndipo musagawane kuti uyu atenge imodzi uyu imodzi, a munthu mmodzi azikhala pamodzi. Akabwera ogula zakale ndi ka ndalama kawo, akanireni.

Mukafuna kuwavala pa mwambo wokumbukira asilikali mu Novembala, kaya ku chipilala cha ku Zomba kaya cha ku Area 18 ku Lilongwe, mwiniwake ndi amene amavala kumanzere kwa chifuwa. Mwana kapena mdzukulu amavala kumanja, kuti anthu adziwe kuti mukuimira agogo.