Momwe mungasakire maprotini a ER ya munthu

Tsegulani UniProt, nkhokwe ya zambiri za maprotini, pa intaneti, lembani organism_id:9606, imeneyo ndi nambala ya munthu, kenako onjezani go:0005783 yomwe ikuimira endoplasmic reticulum (ER), gawo la mkati mwa selo momwe maprotini ambiri amapangidwa ndi kukonzedwa. Sankhani ma reviewed okha, omwe akatswiri anawaunika, enawo anangowalosera ndi kompyuta ndipo angakusocheretseni.

Mukatsitsa listiyo, yang'anani kumapeto kwa mndandanda wa zilembo za ma amino acid a protini iliyonse. Ikathera ndi zilembo KDEL ngati maprotini a BiP kapena calreticulin, ndiye kuti ndi yokhala mkati mwa ER, ikathawira ku Golgi, gawo lina la selo lomwe limalandira maprotini ochokera ku ER, imabwezedwa. Za pa membrane (khungu la ER) zambiri zimathera ndi KKXX (X ndi amino acid iliyonse), koma musadalire chizindikirochi chokha ayi, zina zilibe koma zili mommo ndithu. Pulogalamu ya SignalP ikuuzani ngati protini ili ndi signal peptide, kachidutswa ka koyambirira komwe kamailondolera ku ER.

Pomaliza onani zithunzi zake pa webusaiti ya Human Protein Atlas, ine ndimakhulupirira ndikaona ndi maso.