Mwana akalira musaiwale mayi wake: zoti zipatala zathu zikonze kwa amayi ongochira kumene

Ndakhalapo gadiyani kawiri, koyamba wa mng'ono wanga kenako wa mlamu wanga, ndipo kawiri konseko ndinaona zofanana. Mwana akangolira basi maso onse ali pa khandalo, mayi uja amukankhira ku wodi ina ngati zonse zatha. Komatu tsiku loopsa kwambiri kwa mayi ndi loyambalo, makamaka nkhani ya kutaya magazi. Nde ndikulankhula ndi inu anamwino, akuluakulu a mawodi ndi a komiti ya pachipatala, zambiri mwa izi sizidikira ndalama za azungu ayi.

Yambani ndi maola 24 oyamba. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mayi wachira bwinobwino asatulutsidwe maola 24 asanakwane, koma tonse tikudziwa zimene zimachitika mabedi akachepa, wachira m'mawa madzulo ali kale pa kabaza mwana kumanja. Ngati malo avuta ndi bwino agone pa matiresi pansi koma pafupi ndi namwino kusiyana nkumuthamangitsa. M'maola amenewa muyezeni BP ndi kutentha kwa thupi, gwirani pamimba muone ngati chiberekero chalimba, mufunseni ngati wakodza, ndipo zilembedwe nthawi yomweyo osati kudzadzaza fomu yonse poweruka.

Za magazi ndichedwepo pang'ono. Kuyeza ndi maso kumanamiza, chitenje chimamwa magazi ambiri munthu nkumaoneka ngati ali bwino pomwe wadutsa kale 500 ml imene ndi malire oti zinthu zavuta. Kafukufuku wa E-MOTIVE amene anatuluka mu 2023, wochitika ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, anaonetsa kuti kuyala kapulasitiki kokhala ndi manambala koyezera magazi, kenako kupereka thandizo lonse pakamodzi osati limodzilimodzi, kunachepetsa mavuto aakulu a kutaya magazi ndi pafupifupi 60 pa 100 alionse. Mwaona, kapulasitiki chabe. China, mankhwala oletsa kutaya magazi a oxytocin amafuna fuliji, nde ngati kwanuko magetsi amathimathima pakhale munthu woona fulijiyo tsiku lililonse, komanso mnzake misoprostol asamasowe poti iyeyu safuna kuzizira.

Gadiyani musamuone ngati chisokonezo. Usiku namwino amakhala mmodzi wodi yonse, amene ali maso pambali pa mayi ndi apongozi ake kapena achemwali ake. Tengani mphindi 10 m'mawa uliwonse kuwauza m'Chichewa chomveka (kapena Chiyawo, Chitumbuka, malinga ndi dera) zoti akaziona athamange kudzakudzutsani: nsalu kunyowa magazi msangamsanga, mutu waukulu wosasiya, kuona mwachimbuuzi, nkhope kutupa, thupi kutentha, zotuluka kumusi kununkha, mwana kukana bere. Ndipo akabwera kudzagogoda musawakalipire, mukatero mawa sadzabweranso.

Apa ndafika pa nkhani ya pakamwa. Mawu aja oti "mmene munkachita zimenezo ine ndinalipo?" athe. Ndikudziwa mumatopa, odwala ndi ambiri inu ochepa, koma mayi amene watukwanidwa lero mimba yotsatira akachirira kunyumba. Boma linaletsa azamba akumudzi kubereketsa mu 2007, mafumu ena mpaka ankalipiritsa mbuzi wochirira pakhomo, tinawauza amayi kuti bwerani kuchipatala ndipo akubweradi, ndiye tiwalandire ngati anthu. Tchulani dzina lanu, nenani chimene mukufuna kuchita musanamugwire, kokani katani. Pomwe palibe makatani zitenje ziwiri ndi chingwe zimagwira ntchito. Ofesi ya ombudsman wa pachipatala ikhale poonekera, ndipo wodandaula ayankhidwe.

Mlamu wanga anachira ndi siza. Chimene sindiiwala ndi mmene ankayendera kupita kuchimbudzi usiku, atawerama, dzanja lina pakhoma lina pabala, ine ndikumunyamulira dilipi ndi tochi ya pafoni, kukafika uko madzi mulibe. Konzani zimenezi kaye musanapente geti: chimbudzi chapafupi choyaka getsi, ndowa ya madzi yodzaza, sopo, pothira madzi ofunda osamba. Mankhwala opha ululu apatsidwe pa nthawi yake asanachite kulira, komanso wina amufotokozere chifukwa chimene anamupangira opaleshoni, chifukwa ambiri amatuluka asakudziwa ndipo pamimba yotsatira nkhaniyi ndi yofunika kwambiri.

Kuyamwitsa kuyambe mu ola loyamba, mwana ali pachifuwa cha mayi ake khungu kukhungu. Kungonena kuti "muyamwitseni" nkudutsa sikuthandiza, mtsikana wa mwana woyamba amafuna wina akhale naye pansi amuonetse kagwiridwe. Auzeninso agogo aja kuti mkaka woyamba wachikasu si woipa, asaufinyire pansi, ndipo madzi kapena phala zidikire miyezi 6. Ana obadwa masiku asanakwane njira ya kangaroo timaidziwa kale, inayambira ku Bogota m'dziko la Colombia mu 1978 ndipo kuno inayamba pa chipatala cha Zomba mu 1999, kungoti mayi amene wamangirira mwana pachifuwa usana ndi usiku nayenso amafuna kudya ndi kugona, lolani bambo kapena gadiyani azimulandirako.

Potulutsa musangosayina buku. Lembanimo madeti enieni oti aonedwenso: tsiku lachitatu, pakati pa masiku 7 ndi 14, ndi pa masabata 6. Koma tinene zoona, kwathu kuno mayi amakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa, nde kuyembekezera kuti tsiku lachitatu ayenda ulendo wautali kubwerera kuchipatala ndi kudzinamiza. Dzina lake ndi mudzi wake zipite kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lake kuti amupeze kunyumba, meseji imodzi pa WhatsApp yakwana. Mulembereninso nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, komwe angaimbe kufunsa malangizo a zaumoyo. Za kulera zikambidwe asanatuluke, bambo ali pomwepo ngati nkotheka.

Ndipo mufunseni mmene mtima wake ulili, ngati akugona, ngati akumalira yekha popanda chifukwa. Matenda a nkhawa pambuyo pobereka aliko, si ulesi kapena kulodzedwa, koma sangakuuzeni apongozi atayima pambali, mufunseni ali yekha.

Chomaliza chimene chinandipweteka mtima. Bedi loyandikana ndi la mng'ono wanga panagona mayi amene mwana wake sanakhale moyo, usiku wonse anayang'ana kukhoma makanda a anzake akulira mbali zonse, m'mawa mabere atadzadza mkaka osadziwa kuti atani nawo. Mupezereni kachipinda kapadera ngakhale kakhale kosungiramo katundu, m'bale wake mmodzi agone naye, mumuuze zochita ndi mkakawo, ndipo naye alembedwe madeti obwerera ngati wina aliyense.