Intense kapena intensive? Umu ndi momwe mungasiyanitsire

Mawu awiriwa amavutitsa anthu ambiri, ngakhale amene anakhoza bwino Chingerezi pa MSCE, chifukwa amaoneka ngati amodzi ndipo onse anachokera ku liwu la Chilatini loti intendere, kukoka chinthu mpaka chikungike. Koma ntchito yake ndi yosiyana ndithu.

Musanalembe dzifunseni funso limodzi lokha: chinthuchi ndikuchimva mthupi kapena mumtima, kapena ndi choti anthu anachita kukhalira pansi nkuchikonza?

Ngati mukuchimva, ameneyo ndi intense. Kutentha kwa mu Okutobala ku Nsanje ndi ku Chikwawa kuja, koti munthu tulo osabwera mnyumba, ndi intense heat. Dzino likamawawa usiku onse ndi intense pain. Mpira wa Bullets ndi Wanderers ukafika mphindi zomaliza anthu onse ali chiimire, ndi intense match. Palibe anakonza kuti zikhale choncho, zangofika povuta basi. Munthunso amatha kunenedwa kuti ndi intense, ndiye kuti chilichonse amachitenga ndi mtima onse mpaka anzake kutopa naye, apa samalani chifukwa sikuti nthawi zonse akumuyamikira ayi.

Intensive ndi pamene ntchito yambiri yaunjikidwa dala pa nthawi yochepa kapena pamalo ochepa. Kosi ya kompyuta yoti ena amaphunzira chaka chonse inu nkuimaliza pa masabata 6, kulowa mmawa kutuluka madzulo, ndi intensive course. ICU ya ku Queens kapena ku Kamuzu Central ndi Intensive Care Unit, osati Intense, chifukwa ndi chisamaliro chochita kukonza, manesi, makina, kuyang'anira wodwala usana ndi usiku. Ulimi wa fodya amati ndi labour-intensive, umafuna manja ambiri kuyambira ku nazale mpaka ku chigafa, amene analimapo akudziwa.

Pomwe ambiri amasokonekera ndi pa training, poti onse awiri amalowa. Intensive training ikunena momwe maphunzirowo anakonzedwera, intense training ikunena momwe inuyo munawamvera mmiyendo ndi mmutu. Ndiye pa CV kapena kalata yofunsira ntchito lembani intensive, abwana akufuna adziwe kuti munaphunzira zambiri pa nthawi yochepa, za kutopa kwanu sizikuwakhudza. Koma intensive pain kapena intensive heat ayi chonde, musalembe, ululu ndi dzuwa palibe amazikonzera ndondomeko.